Akapitawo Atatu a Kompyuta: Windows, macOS ndi Linux

Akonzi a magazini ino anapempha kalabu yathu ya makompyuta kuti ilembe phunziro limodzi lothandiza sukulu yonse, ndipo maere anagwera ine. Ndasankha kufotokoza za chinthu chimene aliyense wa ife amachigwiritsa ntchito akangokhala pansi m'chipinda cha makompyuta, koma ndi owerengeka okha amene amachiganizira. Dzina lake pa Chingerezi ndi operating system.

Mutu umenewu sindinausankhe chabe ayi. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo inauza anthu kuti asamukire ku Windows 11. Tsono makompyuta a pasukulu pathu pano, monga mudziwa, ambiri anabwera ngati mphatso atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi a kutali, ndipo Windows 11 imawakana. Funso limene lili pamaso pathu ndi ili: kodi makina amenewa tikawaunjike m'chipinda cha katundu kuti akangaude amangepo nyumba zawo, kapena ilipo njira ina? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kuyamba tadziwa akapitawo atatu amene amalamulira makompyuta a pa tebulo pa dziko lonse, ndi kuwayesa pa zinthu zitatu: maonekedwe awo, ufulu umene amapatsa mwini makina, ndi kukhulupirika kwawo.

KODI KAPITAWO AMENEYU NDANI?

Amene munagwirako ganyu ku esiteti ya fodya cha ku Mponela kapena ku Madisi mukudziwa kuti mwini esiteti sayankhula ndi wantchito aliyense payekha. Iye amauza kapitawo chimene afuna, ndipo kapitawoyo ndiye amagawa ndime, amasunga makiyi a mosungira feteleza, amanena kuti ngolo iyambe yatenga fodya wa m'chigafa chiti, ndiponso amaleretsa pamene anthu awiri akulimbirana khasu limodzi.

Mu kompyuta ntchito yomweyi ndi ya operating system. Purosesa ndiye wantchito wamphamvu amene amawerengera zonse. RAM ili ngati mphasa imene timayalapo zinthu zimene tikugwira nthawi yomweyo, ndipo magetsi akathima zonse zinali pamphasapo zimauluka. Hard disk ndiyo nkhokwe, mmene zinthu zimakhalabe ngakhale makina atazimitsidwa. Mapulogalamu monga Word kapena Chrome ali ngati aganyu. Iwo safika pankhokwe okha, koma amapempha kapitawo kuti awapatse malo pamphasa, awatsegulire fayilo, kapena awaperekere kalata ku pulinta. Motero kapitawo akakhala waulesi kapena wosokonezeka, ntchito siyenda, ngakhale aganyu akhale akhama chotani.

Kapitawo woyamba ndi Windows, wa kampani ya Microsoft imene Bill Gates ndi Paul Allen anaiyambitsa ku America mu 1975. Windows yoyamba inatuluka mu Novembala 1985. Ndiyo yofala koposa zonse, pakuti mu 2024 owerenga a StatCounter anaipeza pa makompyuta pafupifupi 7 mwa 10 alionse a pa tebulo ndi malaputopu. Ndi ya malonda: munthu amagula chilolezo, kapena mtengo wake umabisala m'kati mwa mtengo wa makina.

Wachiwiri ndi macOS, wa kampani ya Apple imene Steve Jobs ndi Steve Wozniak anaiyamba mu 1976. Kompyuta yawo yotchedwa Macintosh inatuluka mu Januwale 1984, ndipo macOS ya masiku ano inachokera ku Mac OS X ya mu 2001. Lamulo la Apple ndi lakuti kapitawo wawo agwire ntchito pa makina a Apple okha. Ichi tichisunge m'mutu, pakuti tidzachifunanso kutsogoloku.

Wachitatu ndi Linux. Mu 1991 Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 amene anali kuphunzira pa University of Helsinki ku Finland, analemba mtima wa kapitawo watsopano nauika pa intaneti kuti ena auyese. Taonani, anzanga, anali wotiposa ife a Fomu 4 ndi zaka zochepa chabe. Mtima umenewu anauphatikiza ndi mapulogalamu a GNU, ntchito imene Richard Stallman anaiyamba mu 1983. Chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimalola munthu aliyense kukopera, kuwerenga malangizo a m'kati, kuwasintha ndi kugawira ena, malinga ngati nayenso pogawapo sabisa zimene wasintha. Chifukwa cha ichi Linux ili ndi mitundu yambiri, monga Debian, Fedora, Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo inatuluka mu Okutobala 2004. Dzina lakelo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa, omwe ife kuno timati umunthu.

CHOYAMBA: MAONEKEDWE

Kale munthu ankalamula kompyuta polemba mawu pa sikirini yakuda, ndipo akaphonya chilembo chimodzi makina ankangomuyang'ana. Nzeru ya mawindo, tizithunzi ndi mausi inakulira ku kampani ya Xerox ku California, kumene anapanga kompyuta yotchedwa Alto mu 1973. Apple inatenga nzeruyi niifikitsa kwa anthu wamba mu 1984, ndipo Microsoft inatsatira. Lero akapitawo onse atatu ali ndi mawindo, tizithunzi ndi mafoda. Amasiyana pa kayalidwe kake kokha.

Windows ili ndi mzere m'munsi mwa sikirini, ndipo pamzerepo pali batani la Start limene linayamba ndi Windows 95. Kotsekera windo kali pamwamba, ku dzanja lamanja. Mu 2012 Microsoft inachotsa batani la Start mu Windows 8, ndipo anthu anadandaula kwambiri kotero kuti chaka chotsatira inalibwezera. Mu 2021 Windows 11 inalisunthira pakati. Apa tiphunzirapo kuti munthu sakondwa ukamsinthira khomo la nyumba imene anazolowera kulowamo ngakhale mu mdima.

MacOS ili ndi mzere wa malamulo pamwamba pa sikirini, umene sukuchoka pamalo pake, ndipo m'munsi muli shelefu ya mapulogalamu yotchedwa Dock. Zotsekera windo ndi timadontho titatu, kofiira, kachikasu ndi kobiriwira, ndipo tili kumanzere. Pamene ife timakanikiza Ctrl, iwo kawirikawiri amakanikiza Command. Popeza kampani imodzi ndiyo imapanga makina ndi kapitawo yemwe, zonse zimaoneka ngati zosokedwa ndi telala mmodzi, ndipo pa kukongola ambiri amaipatsa malo oyamba.

Linux ilibe nkhope imodzi. Munthu amasankha yekha. Ubuntu imabwera ndi nkhope yotchedwa GNOME, ya tizithunzi tikulutikulu toikidwa kumanzere. Linux Mint imabwera ndi Cinnamon, imene imafanana kwambiri ndi Windows 7, kotero kuti wozolowera Windows sasochera. Palinso KDE Plasma ya zokongoletsa zambiri, ndi Xfce ndi LXQt zimene ndi zopepuka.

Nanga yabwino ndi iti? Ine ndiona kuti pa mlandu uwu ambiri timaweruza ndi chizolowezi. Mwana wa Fomu 1 amene sanagwirepo mausi amavutika chimodzimodzi pa zonse zitatu, ndipo akaphunzira imodzi amati inayo ndi yovuta. Chimene tiyenera kudziwa ndi chakuti kukongola kumadya malo pamphasa. Mithunzi, mawindo oonekera m'kati ndi tizithunzi tovina zonsezi zimafuna RAM, ndipo pa makina akale zimachedwetsa ntchito yeniyeni. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope yabwino ndi imene imakufikitsa pa fayilo yako msanga.

CHACHIWIRI: UFULU WA KUSINTHA ZINTHU

Pano ndifanizira ndi nyumba zitatu. MacOS ili ngati nyumba ya alendo yosamalika bwino. Ndi yosesedwa, bedi ndi loyala, ndipo ungathe kusuntha mpando kapena kusintha chithunzi cha pakhoma, koma kugumula khoma kapena kutsegula zenera latsopano salola. Makina a Apple a masiku ano RAM yake anaimatirira m'kati, kotero kuti sungaonjezere pambuyo pake monga timachitira ndi makompyuta athu.

Windows ili ngati nyumba ya lendi ku Lilongwe. Ungapake utoto umene ufuna, ungabweretse mipando yako, pakuti mapulogalamu ake ndi ochuluka koposa, ndipo ungasankhe makina a HP, Dell, Lenovo kapena ena monga thumba lako lilolera. Koma pulani ya nyumba ili ndi mwini wake. Pamene Windows 11 inatuluka mu 2021 sinalole munthu kusunthira mzere wa m'munsi uja pamwamba kapena pambali, chinthu chimene Windows 10 inkalola. Ndiponso ya mtundu wa Home inafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft poiyika. Chachikulu ndi ichi, kuti mwini nyumba akanena kuti waleka kukonza denga, wa lendi alibe chonena. Ndizo zinachitika ndi Windows XP mu 2014, ndi Windows 7 mu 2020, ndi Windows 10 mu 2025.

Linux ili ngati nyumba ya kumudzi imene munthu waumba yekha njerwa zake. Afuna khomo liyang'ane ku phiri la Ntchisi, liyang'ana komweko. Angathe kuchotsa nkhope yonse ndi kuika ina, kuchotsa pulogalamu iliyonse imene saifuna, ngakhale kuwerenga malangizo a m'kati mwa kapitawo kuti aone mmene anawalembera. Kwa ife ophunzira ichi ndi chuma, pakuti munthu saphunzira umakaniko pa galimoto imene boneti yake ndi yokhoma.

Tiyeni tiyese akapitawo atatuwa ndi chilembo chathu chimodzi, ŵ wa kadenga, amene timamuona m'mabuku akale ndi m'dzina la Malaŵi. Pa kiyibodi palibe batani lake. Mu Word ya pa Windows mulembe 0175 ndi kukanikiza Alt pamodzi ndi X, ndipo manambalawo adzasanduka ŵ. Kapena musankhe kiyibodi ya United Kingdom Extended, imene ili ndi chilembochi chifukwa anthu a ku Wales nawonso amachilemba. Pa macOS musankhe kiyibodi ya ABC Extended. Pa Linux mungasankhe batani limodzi losagwira ntchito kwenikweni kuti likhale Compose, ndipo mukalikanikiza, kenaka kadenga, kenaka w, chilembo chatuluka m'pulogalamu iliyonse. Onse atatu akhoza mayeso, koma aliyense m'njira yake.

Za chiyankhulo nazo n'zofunika. Makompyuta onse a m'chipinda chathu amatiyankhula m'Chingerezi. Windows inamasuliridwa m'Chiswahili ndi m'Chizulu chifukwa kampani inatero. Mawu a mu Ubuntu amamasuliridwa ndi anthu odzipereka, pa tsamba la intaneti lotchedwa Launchpad, ndipo khomo ndi lotsegula kwa aliyense wodziwa ziyankhulo ziwiri. Inu amene mumakhoza Chichewa ndi Chingerezi, ntchito ndi imeneyo ikudikira.

Komatu walira mvula walira matope. Ufulu wa Linux uli ndi matope ake. Zinthu zina zimafuna kuti munthu atsegule windo lakuda lotchedwa terminal ndi kulemba malamulo, ndipo akayamba ndi mawu akuti sudo, kapitawo amamvera osafunsa kawiri, ngakhale lamulolo likhale lofufuta nkhokwe yonse. Palinso matenda a anyamata ena amene sabata ino aika Ubuntu, sabata yamawa Fedora, inayo Mint, osalembapo ngakhale chimangirizo chimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo m'chipinda chogwiritsa ntchito anthu ambiri ngati chathu, ufulu uyenera kukhala ndi malire. Akapitawo onse atatu amalola kuti mphunzitsi akhale ndi akaunti ya ulamuliro, ndi ophunzira akaunti wamba imene singaononge makina. Ili ndi dongosolo loyenera, kaya tisankha uti.

CHACHITATU: KUKHULUPIRIKA

Apa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto imene imathamanga bwino pa tala wa M1 ingathe kutitimira m'matope a m'mapiri athu mwezi wa Febuluwale, ngolo ya ng'ombe n'kuidutsa. Chomwechonso kapitawo wokhulupirika ku London sindiye kuti akhulupirikanso ku Ntchisi. Adani a kompyuta kuno ndi anayi, ndipo tiwaone mmodzimmodzi.

Mdani woyamba ndi kuthima kwa magetsi. Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita chaka ndi miyezi asanabwerere. Tonse tikumbukira mdima wa masiku amenewo. Magetsi akathima kompyuta ili pakati polemba mu nkhokwe, mafayilo angathe kusokonezeka. Pofuna kuteteza ichi, Windows imayala nkhokwe yake m'njira yotchedwa NTFS, ndi Linux kawirikawiri m'njira yotchedwa ext4, ndipo zonse ziwiri zimasunga kabuku. Zili ngati kalaliki wa pa msika wa chimanga amene asanasunthe matumba amayamba walemba kuti akuwachotsa pati ndi kuwaika pati. Mdima ukampeza pakati pa ntchito, m'mawa amawerenga kabuku nadziwa pamene analekeza. MacOS ili ndi njira yake yotchedwa APFS, imene sifufuta zakale isanamalize kulemba zatsopano. Pa mdani uyu onse atatu ali ndi chishango.

Koma chishangocho chimateteza nkhokwe, osati mphasa. Chimangirizo chimene simunachisunge chapita, pa kapitawo aliyense, ndipo madzi akatayika saoleka. Chifukwa chake zala zizolowere Ctrl ndi S. Dziwaninso kuti mafulashi ambiri amayalidwa m'njira ya FAT32 kapena exFAT, zimene zilibe kabuku kotere. N'chifukwa chake kuzula fulashi osayamba watsanzika kwa kapitawo kumaononga mafayilo. Ndipo nthawi yoopsa koposa ndi pamene kapitawo akudzikonza yekha. Ntchito imeneyo ichitike pa laputopu ya batire lodzaza, kapena pa makina olumikizidwa ku kabokosi ka batire kotchedwa UPS.

Mdani wachiwiri ndi mavayirasi. Mbala imapita kumene kuli anthu ambiri, ndipo popeza Windows ndiyo yofala, mavayirasi ambiri amalembedwera iyo. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inagwira makompyuta a Windows m'maiko oposa 150, ndipo zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Chodabwitsa ndi chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanachisokerere. Apa ndi pamene tiona kuopsa kwa Windows 10 lero. Makina sanaleke kuyaka pa 14 Okutobala 2025 ayi, koma mabowo atsopano akapezeka, zigamba zaulere za aliyense sizibweranso. Microsoft inalola anthu wamba olembetsa kuti alandirebe zigamba kufikira Okutobala 2026, koma uku ndi kukankhira tsiku kutsogolo chabe.

Kuno kwathu vayirasi yodziwika ndi ija ya m'mafulashi, imene imabisa mafoda ndi kusiya tizithunzi tonamiza. Vayirasi imeneyi inalembedwera Windows, ndipo pa Linux sithamanga. Mukalowetsa fulashi yotere pa kompyuta ya Linux, mafoda obisidwa aja amaoneka poyera, ndipo mungathe kuwapulumutsa ndi kufufuta vayirasiyo ngati fayilo wamba. Kompyuta imodzi ya Linux pa khomo la chipinda ingakhale ngati dibi la ng'ombe, mmene fulashi iliyonse imayamba yadutsa.

Tisaganize kuti alipo kapitawo wosalakwa. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya chitetezo yotchedwa CrowdStrike inatumiza chigamba cholakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakana kuyaka, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Mu Malichi chaka chomwecho kunapezeka kuti munthu wina anabisa khomo lachinsinsi mu pulogalamu yaing'ono ya Linux yotchedwa xz. Amene analiona ndi katswiri wina dzina lake Andres Freund, wogwira ntchito ku Microsoft, ndipo linatsekedwa lisanafalikire. Anatha kulifufuza chifukwa malangizo ake anali poyera kuti aliyense awerenge. MacOS nayo ili ndi mavayirasi ake, ngakhale ndi ochepa.

Mdani wachitatu ndi kusowa kwa intaneti ndi kudula kwa bandulo. Akapitawo onse amafuna zigamba, ndipo zina ndi zazikulu. Windows imakonda kuzitenga yokha ndi kupempha kuti makina azimitsidwe ndi kuyatsidwanso, ngakhale munthu angathe kuiuza kuti intaneti yake ndi yopimira, kuti isadye bandulo mwachisawawa. Linux kawirikawiri imayamba yafunsa. Koma nayo ili ndi vuto: mapulogalamu ake ambiri amatengedwa pa intaneti, ndipo kupatsana pa fulashi monga tichitira ndi a Windows sikophweka. Mapulinta ena ndi tizipangizo tina ta Wi-Fi timavutanso pa Linux, chifukwa opanga ake analembera Windows yokha.

Mdani wachinayi ndi ukalamba wa makina, pamodzi ndi kutalika kwa wokonza. Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB, nkhokwe ya 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopano ndithu. Mwa za Intel, zambiri zopangidwa isanafike 2017 imazikana. Apa ndi pamene makina athu akugwera. MacOS, monga ndinanena poyamba, siloledwa pa makina athu konse, ndipo Mac ikaonongeka kuno, ulendo ndi wa ku Lilongwe kapena kupitirira. Linux Mint imayenda pa RAM ya 2 GB ndi nkhokwe ya 20 GB, ndipo sifunsa za TPM. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa mwezi wa Epulo pa zaka 2 zilizonse, ndipo uliwonse umalandira zigamba zaulere zaka 5. Koma tinene zoona: wodziwa kukonza Windows mumpeza pa boma pomwepa kapena pa Mponela, pamene wodziwa Linux ndi wosowa. Kapitawo wabwino wopanda womudziwa pafupi sathandiza.

Wina angafunse ngati Linux inayesedwapo pa ntchito yaikulu. Inde. Kuyambira mu Novembala 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko akhala akuyendera Linux, ndipo foni iliyonse ya Android imene ili m'thumba la makolo athu mtima wake ndi Linux. M'dziko lathu lomwe lino, bungwe la Baobab Health linayamba mu 2001 kuika makompyuta okhudza ndi chala m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timachitcha Kamuzu Central, ndipo pambuyo pake m'zipatala zambiri zopereka mankhwala a ARV. Pamene ntchitoyo inakula, anaimanga pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere, naikanso mabatire aakulu kuti makina asazime magetsi akathima. Iwo anayamba ayang'ana mavuto a dziko lino, kenaka n'kusankha zida.

NANGA IFE TICHITENJI?

Tikaika zonse pa sikelo, macOS ipambana pa kukongola ndi kugwirizana kwa zinthu, Linux ipambana pa ufulu ndi pa kupirira makina akale, ndipo Windows ipambana pa kuchuluka kwa mapulogalamu ndi kwa anthu oidziwa. Palibe amene wapambana zonse. Kapitawo woyenera ndi amene agwirizana ndi makina amene tili nawo, magetsi amene tili nawo, ndi anthu amene tili nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Motero, mwaulemu, kalabu yathu ipereka maganizo awa kwa aphunzitsi athu.

Loyamba, makina amene Windows 11 iwalola apatsidwe Windows 11 ya chilolezo chenicheni, ndipo akhale a phunziro la Computer Studies. Mabuku athu zitsanzo zake zambiri ndi za Word, Excel ndi Access, ndipo m'maofesi ambiri mmene tidzafunsira ntchito tidzapezamo zomwezo. Kukana kuphunzira Windows ndi kudzimana tokha.

Lachiwiri, makina amene yawakana asatayidwe. Linux ingathe kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kukhudza nkhokwe ya kompyuta. Tiyambe tayesa motero Linux Mint ya nkhope ya Xfce, kapena Lubuntu, ndi kuona ngati pulinta, mawu ndi Wi-Fi zikugwira. Zikagwira, tikopere mafayilo onse ofunika kwina, ndipo pamenepo tiike. Pamakinapo pakhale LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, chinkana nthawi zina kayalidwe ka tsamba kamasuntha pang'ono. Pakhalenso Kiwix, imene imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti.

Lachitatu, kompyuta iliyonse imene itsalabe ndi Windows 10 ichotsedwe pa intaneti, ndipo fulashi isalowemo isanadutse pa dibi lija.

Lachinayi, ndipo ili ndilo lalikulu, kalabu ikhale ndi buku lolembamo zonse zimene zachitika pa makina alionse: chimene chinavuta, ndi mmene chinakonzedwera. Wa Fomu 4 aliyense wodziwa kanthu aphunzitse wa Fomu 2 asanachoke. Popanda ichi nzeru idzatuluka pa geti pamodzi ndi masutikesi athu, ndipo makina adzakhala chete ngakhale kapitawo wake akhale wabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Tikumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana nafe. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anawerenga buku la m'laibulale napanga makina a mphepo opereka magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga ndi zina zimene anthu anazitaya. Ife tili ndi zoposa zimene iye anali nazo: tili ndi aphunzitsi, chipinda, ndi makompyuta amene akali ndi moyo. Kalabu imakumana Lachitatu lililonse maphunziro a masana akatha, ndipo atsikana ndi anyamata a mafomu onse ndinu olandiridwa. Bwerani ndi kope ndi cholembera.

Ine mnzanu,
wa Fomu 4.